Banja la Kuchigayo Lija Tinkaonera Kuseri kwa Chitenje

Amene anayamba kundibweretsera uthenga woti sewero lathu la pa kanema alisiya anali mkamwini wanga, mwamuna wa mwana wanga wachisamba. Anandipeza m'dimba ndikupalira mbatatesi, njinga ataigwetsa m'mbali mwa njira, ndipo anaima patsogolo panga n'kundiyang'ana kumaso. Kwa anthu a kwina imeneyi si nkhani. Koma kwathu kuno ku Ntcheu, kufupi ndi mishoni ya Nzama, mkamwini woleredwa bwino sayang'ana apongozi ake aakazi kumaso. Chikwatirireni mwana wanga, ine ndinali ndisanaionepo bwinobwino mphuno ya munthu ameneyu. Ndinkadziwa nsapato zake, msana wake ndi katsokomoledwe kake basi.

Kuti mumvetse chimene chinamuiwalitsa mwambo tsiku limenelo, ndibwerere m'mbuyo pang'ono.

Mkamwini wangayu kwawo ndi kupitirira Tsangano. Ali mnyamata anapita ku Joni, kumene anagwira ntchito m'minda ya azungu zaka zingapo, ndipo pobwera anabwera ndi kanema wamng'ono, batire la galimoto ndi chipangizo chotchera dzuwa chija timangoti sola. Atakwatira mwana wanga anadzamanga pakhomo pathu, monga amachitira amuna ambiri kuno, kanyumba ka zidina, njerwa zosaotcha zija, kofolera ndi udzu. Ntchito yake inali yogula mbatatesi m'midzi n'kukagulitsa pamsika wa Lizulu. Mowa sankamwa, mkazi sankamenya, kumunda ankalawirira kuposa tonse. Ndinkathokoza Mulungu chifukwa cha iye m'mawa uliwonse, koma pakamwa panga iye sanamvepo zimenezo, chifukwa sitinkalankhulana.

Tikakumana panjira, iye ankapatukira m'chimanga, kunjuta, n'kulonjera mapesi: "Mwaswera bwanji amayi?" Ine ndinkatembenukira mbali inayo n'kuyankha mapesi a uko: "Ndaswera bwino, kaya inu bambo?" Amuna anga, omwe anagwirapo ntchito m'migodi kale ndipo pakamwa pawo sipauma nthabwala, ankati, "Chimanga cha pano chilekerenji kubereka? Chimalonjeredwa m'mawa ndi madzulo." Mayi anga anandiphunzitsa kuti umenewu ndi ulemu, ndipo ndi ulemudi. Munthu amene wakutengera mwana n'kumamusunga bwino umamuopa, sumuzolowera ngati mnzako wa kumjigo. Choncho mawu onse pakati pathu ankadutsira mwa mwana wanga. Khasu, mchere, nkhani ya mbuzi yolowa m'munda, zonse ankanyamula ndi iyeyo.

Nthawi yobzala, tili awiri m'munda ndi mwana wanga, iye akukumba mapando ine ndikuponya mbewu, mwanayo anaima n'kutsamira khasu.

"Amayi, anzangawa akuti tikakolola chimanga chimenechi tipite kwawo."

"Kukacheza?"

"Kukakhala."

Mbewu zinangotsala m'manja. Ndinafunsa ngati wina wawalakwira. Iye anati ayi, palibe wawatukwana, palibe wawamana kanthu. "Akungoti kuno amakhala ngati mlendo. Ku Joni anazolowera kudya ndi kucheza ndi aliyense. Akuti mpaka lero sadziwa ngati inu mumawakonda kapena mumangowapirira."

Zidzukulu zanga ziwiri zinali zitabadwira pakhomo pomwepo, ndipo mwana wamkazi ndinali naye yekhayo. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma ine sindinkamuyesa mlendo munthuyu. Nanga ndikanamuuza bwanji? Ndinatumiza nkhuku, anathokoza kudzera mwa mkazi wake. Ndinatumiza dzungu loyamba kukhwima, anathokozanso chimodzimodzi. Mphatso sizinena mawu amene munthu akudikira. Ndinangogwira kolona yanga n'kuwauza Amayi Maria kuti inu munali ndi mwana mmodzi, mukudziwa.

Tsono za kanema. Ife kanema tinamudziwa mochedwa, dziko litalowa kale m'matipate, ndipo m'mudzi mwathu wa mkamwini wangayu ndiye anali woyamba. Loweruka nyumba yake inkadzaza anyamata oonera mpira. Akaika mafilimu a ku Nigeria, amayi ankabwera ndi ana kumsana kudzaona mfiti zosanduka njoka ndi anthu a nyumba zosanja. Koma Lamulungu madzulo, dzuwa likupendeka, pankabwera sewero la konkuno la banja lina losunga chigayo, ndipo likangoyamba anthu ankadzuka mmodzimmodzi n'kumakutumula zovala. Mayi wina woyandikana nafe ankati, "Anthu ovala ngati ife, olankhula ngati ife, ufa mpaka m'nsidze. Ndikafuna zimenezo ndingopita kuchigayo kwenikweniko." Nyumba inkatsala ndi eni ake okha.

Ine m'nyumba ya mkamwini sindinkalowa. Koma Lamulungu lina ndikukatsekera mbuzi ndinamva mawu a mayi akukalipa m'menemo, kakalipidwe kake ndendende malemu mkulu wanga, kokalipa munthu uku akumuikira ndiwo m'mbale. Ndinaima pazenera kuti ndingosuzumira kamodzi. Mbuzi zinalowa zokha m'khola tsiku limenelo. Mwana wanga anandipeza nditagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka.

Mlungu wotsatira mwana wangayo anapeza nzeru. Anamanga chingwe kuchokera pa msomali wa kukhoma mpaka pa mtanda wa denga, n'kupachikapo chitenje chake chachikulu, chipinda n'kugawika pawiri. Kanema anamuika kutsogolo, poti aliyense amuone ali mbali yake. Ine polowa, mkamwini ankayang'ana kukhoma mpaka nditakhala pamphasa. Amuna anga anaika mpando wawo kumapeto kwa chitenjecho, pamene ankationa tonse awiri, n'kulengeza kuti, "Ine ndine msewu wa pa Lizulu, wa pamalire uja. Uku ndi Malawi, uku ndi Mozambique. Wofuna kuoloka aonane ndi ine." Mbali yanga inakhala Malawi, ya mkamwini Mozambique, ndipo mayinawo anakhazikika.

Sewerolo ndilifotokoze, poti ambiri simunalione. Mwini chigayo anali bambo wa mimba yaikulu ndi mtima wofewa umene ankaubisa ngati chinthu chakuba. Injini yake inali yokalamba, yofa mlungu uliwonse, ndipo iye ankainyengerera ndi mawu okoma amene mkazi wake sanawamvepo. Mkazi wakeyo ndi mayi wokalipa uja. Panali mlamu wawo amene anabwera kudzakhala nawo pamaliro n'kungokhaliratu. Sewero lililonse mlamuyu ankamanga kachikwama kake, kutsanzika aliyense ndi dzanja, kufika pakhomo, kenaka n'kununkhiza m'mwamba: "Kodi alamu, kumotoko ndi nyemba?" Basi chikwama pansi. Tinkadziwa kuti atero, komabe akatero tinkaseka mpaka misozi, chifukwa mudzi uliwonse uli naye mlamu woteroyo. Panalinso mwana wamkazi wa mwini chigayo ndi mwamuna wake, mnyamata wofatsa amene anabwera pakhomopo wopanda kanthu. Ndiye ankakonza injini ija nthawi zonse, koma ikalira, bambo aja ankathokoza injiniyo.

M'sewero limeneli munalibe galimoto zonyezimira, munalibe mfuti, munalibe wosanduka kanthu. Koma amene analilemba ankawadziwa anthu. Ankadziwa mmene mayi amaimira pamzere wa kuchigayo ataphimba lichero ndi nsalu kuti anzake asaone kuchepa kwa chimanga chake. M'miyezi ya njala anaonetsa zimenezo. Gogo wina anabwera ndi chimanga chongokwana m'mbale, ndipo mwini chigayo anayamba kumukalipira kuti akuonongetsa mafuta. Akukalipa choncho anamutuma kuti akaone ngati kunja kukubwera mvula, ndipo gogoyo atatuluka, bambo aja anatapa ufa m'thumba la kunyumba kwawo n'kuthira m'lichero mwake, akukalipabe okha. Gogo pobwera anayang'ana lichero, anayang'ana bamboyo, n'kusenza. Ine misozi inali m'masaya. Kuseri kwa chitenje ndinamva munthu akumina. Amuna anga anasuzumira uko n'kunena kuti, "Ku Mozambique kwagwa chimfine."

Apo ndi pamene ndinayamba kumudziwa mkamwini wanga, ndi makutu. Ndinazindikira kuti timaseka pamalo amodzi. Pena mwana wanga ndi bambo ake ankakhala chete, koma ine ndi munthu wa kuseri uja tinkaphulika limodzi, pa kanthu kakang'ono, monga mmene mlamu uja ankasunthira mbale yake pang'onopang'ono kufupi ndi mphika. Kuseka kwake kunali kwa mluzu kumapeto, ngati ketulo.

Kulankhula kunayamba mosayembekezera. Tsiku lina injini ya m'sewero itafa, mkamwini anauza kanemayo kuti, "Bambo inu, lambayo mwamanga mopotoka. Muona aduka." Lamba anadukadi. Patapita kanthawi mayi wokalipa uja akuthira mchere m'ndiwo, ine ndinauzanso kanemayo kuti, "Mayi inu, dzanja limenelo lachuluka. Anthu amwa madzi usiku wonse." Kuseri kunamveka mawu akuti, "Zoona mayi inu, mverani akuluakulu akamalankhula." Sanalankhule ndi ine, analankhula ndi mayi wa m'kanema. Inenso sindinamuyankhe iye. Mwambo unali chilili, palibe anauphwanya. Kuyambira pamenepo anthu a kuchigayo aja anamva zambiri kuchokera kwa ife. Anamva za mtengo wa feteleza, za bondo langa, za mmene kumazizirira ku Joni, za mayi ake a mkamwini amene ankaphika futali wokoma. Mwana wanga ankati, "Koma anthu a m'kanemawa apirira. Chikhala ine ndikanasamuka."

Mvumbi utagwa masiku ambiri, dzuwa osaoneka, batire linkatha moto. Ndinamva anyamata a mpira akudandaula panja Loweruka kuti awabweza. Mwana wanga anadzandinong'oneza kuti, "Awauza kuti moto watsalawu ndi wa amayi, wa mawa." Mlungu wina linatheratu, ndipo ndinamuona mkamwini m'mamawa atalimanga pa njinga pamwamba pa thumba la mbatatesi, akukankha m'matope kupita ku Lizulu kukalitchajitsa. Ndinaima kuseri kwa nkhokwe n'kumudalitsa chamumtima. Za kusamuka zija sizinatchulidwenso, komanso palibe ananena kuti zasintha. Chimanga chinamasula, chinabereka, ndipo ine ndikachiyang'ana ndinkasangalala ndi kuopa nthawi imodzi.

Ndinenenso chimene chinandichitikira kumphakati, kumene timakumana mabanja oyandikana kudzapemphera pakati pa mlungu. M'sewero muja mwana wa mwini chigayo anali woyembekezera, ndipo anadwala kwambiri. Nkhaniyo inandikhala pamtima mlungu wonse. Itafika nthawi yopereka mapemphero, pakamwa panga panangotuluka kuti, "Tipempherere mwana wa kuchigayo amene ali ndi pakati, kuti Ambuye amuchize." Onse anayankha bwinobwino kuti Ambuye timvereni. Titamaliza, amayi otsogolera mphakati anandikokera pambali.

"Chigayo chake chiti, amayi? Tikonze tsiku, tikawaone ndi nkhuni ndi kaufa."

Ndinayang'ana pansi. "Cha pa kanema."

Anaitana anzathu onse kuti adzamve. Anaseka mpaka wina anakhala pansi. Ine ndinati ndikudziwa kuti ndi sewero, sukulu ndinalekera kupulayimale koma si kuti mutu ndinausiya komweko. Koma mtsikana akusewerayo ndi mwana wa munthu, ndipo m'dziko muno alipo ambiri odwala ngati iyeyo amene alibe owatchula. Amayi otsogolera aja anapukuta misozi ya kuseka n'kunena kuti, "Musadandaule, pempherolo silitayika. Mwini wake adziwa kolipereka." Lamulungu lotsatira awiri mwa iwo anabwera kudzaona wodwala wawoyo, ndipo anakhala mbali ya Malawi mpaka sewero kutha. Mtsikanayo anachira.

Chimanga chitayamba kuuma, sewero linafika pena. Mnyamata wofatsa uja anatopa. Anakonza injini usiku wonse, m'mawa apongozi ake n'kuuza anthu pamzere kuti pakhomo pano amuna ndi iwo okha. Mnyamatayo anakalowa m'nyumba, anamanga katundu wake, n'kukaima pamalo okwerera basi. Anationetsa mwini chigayo ataima yekha, sipanala m'manja, injini itazima, ndipo kanali koyamba kumva chigayo chija chili zii. Anationetsanso basi ikubwera patali ndi fumbi lake. Kenaka malemba anayamba kukwera. Tsiku limenelo palibe analankhula ndi kanema, ku Malawi ngakhale ku Mozambique. Ndinatuluka mwakachetechete, ndipo ndiwo zamadzulo sindinazimve kukoma.

Mlungu wonsewo ndinadikira. Lamulungu litafika tinakhala m'malo mwathu, nthawi inakwana, koma panabwera abambo a majekete atakhala mozungulira tebulo kukambirana za chitukuko. Tinati mwina asintha nthawi. Tinawaonera abambowo mpaka anamaliza. Mlungu winawo anabweranso omwewo. Amuna anga anati, "Awa ndiye alamu enieni. Abwera osaitanidwa, ndipo sachoka." Tinaseka pang'ono, koma ine mumtima munali mwala. Popanda sewero, ndinalibenso chifukwa cholowera m'nyumba imeneyo, ndipo anthu anali atayamba kale kusanja mapesi m'minda.

Ndiye linafika tsiku la m'dimba lija. Mkamwini anachokera ku Lizulu thukuta lili kamukamu, ndipo asanapume anati, "Amayi, alisiya."

"Chiyani?"

"Sewero lathu. Silibweranso. Wandiuza woyendetsa lole amene amatenga mbatatesi kupita nazo ku Blantyre. Akuti amene ankalipirira aleka, ati anthu oonera ndi ochepa."

"Ochepa? Nanga ife?"

"Inenso ndamufunsa choncho."

Apo m'pamene tonse tinazindikira kuti tikuyang'anana. Maso ake anathamanga uku ndi uku kufuna chimanga choti alowemo, koma m'dimba munali mbatatesi zokhazokha zofika m'mawondo. Ananjuta cham'mbali, nkhope kuloza kumtsinje. Ine ndinakokera mpango kumaso. Tinakhala choncho ngati anthu awiri obisalirana poyera, mpaka kuseka kunandigwira. Iyenso anayamba, ndi kamluzu kake kaja.

Kuseka kutatha ndinafunsa khasu langa kuti, "Nanga mnyamata uja anakwera basi?"

"Palibe akudziwa, amayi. Akuti mbali yotsatirayo sanajambule n'komwe." Anathyola kaudzu n'kumakapota m'zala. "Koma ine ndikuona kuti anakwera. Munthu sukhala pamene sakukufuna."

"Anamuuza ndani kuti sakumufuna?"

"Palibe. Komanso palibe anamuuza kuti akumufuna."

Madzi ankayenda m'ngalande pakati pathu. Ndinapempha Mzimu Woyera kuti andigwire lilime, chifukwa sindinkadziwa ngati ndikuchimwira mayi anga kapena ayi. Ndinachotsa mpango kumaso.

"Bambo, za kuchigayo sindingaziyankhe, eni ake atisiya panjira. Koma za pakhomo panga ndikuzidziwa. Inu pano timakufunani. Ine ndimakufunani. Ndikamapatuka panjira si kuti ndimakuipidwani, ndimakulemekezani monga anandiphunzitsira. Dzina lanu ndimalitchula kwa Mulungu tsiku lililonse pamodzi ndi ana obala ndekha. Mukafuna kupita kwanu sindikutsekerezani, nanunso muli ndi mayi. Koma musapite poganiza kuti munali mlendo."

Mkamwini anapukuta kumaso ndi chipewa, n'kunena kuti, "Zikomo amayi. Ndamva." Anadzutsa njinga yake n'kumapita akukankha, osakwera.

Madzulo ndinawauza amuna anga zonse, ndikuyembekeza kuti andidzudzula. Iwo anati, "Mwambo umene unatseka chitseko unasiyanso kiyi. Kodi waiwala kuti akale ankathetsa manyazi ndi nkhuku? Tinangochedwa ife." Anakaitana alongo awo aakulu, azakhali a mwana wanga, kuti adzakhale mboni. Ndinapha tambala wanga wofiira, amene ndinkasungira Khirisimasi. Tinayala mphasa pabwalo masana, anthu akuona. Azakhali analankhula mawu ochepa, kuti kuyambira lero awa ndi mayi ndi mwana wawo, ulemu ukhalepo koma kuthawana kwatha. Ndinatenga chiwalo cha nkhuku ndi dzanja langa n'kumupatsa, iye analandira ndi manja awiri. Nayenso anatulutsa mpango watsopano umene anagula ku Lizulu n'kundipatsa m'manja. Ndinamuyang'ana bwinobwino tsopano. Anali ndi kachipsera pachibwano ndi mpata pakati pa mano, ndipo ndinaona kumene mdzukulu wanga wamkulu anatenga makutu.

Tikudya, nkhani inabwerera kuchigayo, ndipo poti eni ake sanalimalize, tinalimaliza tokha. Mwana wanga anati mkazi wa mnyamatayo anathamanga n'kukagwira chikwama basi isanaime. Azakhali, amene sanalionepo n'kamodzi komwe, anaumirira kuti mayi wokalipa uja ndiye anakamubweza ndi chipande m'manja. Amuna anga anati basiyo inafika yodzaza, inangodutsa, ndipo amene anakwera mawa lake ndi mlamu uja.

"Ameneyo ayi," anatero mkamwini. "Ameneyo anafika pakhomo la basi, phazi limodzi m'kati, n'kufunsa kondakitala ngati kumene akupitako kuli nyemba."

Azakhali anatsamwa ndi msuzi, mpaka tinawamenya pamsana.

"Nanga inu amayi mukuti bwanji?" anandifunsa, akundiyang'ana.

Ndinati ine ndikuona bambo aja akutseka chigayo dzuwa lili pamutu, chinthu chimene sanachitepo, n'kuyenda wapansi mpaka pamsewu ufa uli m'mutu. Zimene anakanena kumeneko sindikuzidziwa, mwina anangoti injini yafanso. Koma anapita okha, sanatume munthu.

Tinakolola. Ngolo zinatuta, nkhokwe zinadzaza, ndipo ine sindinafunse kanthu, ngakhale kwa mwana wanga. Ndinkangoyang'ana ngati ayamba kugulitsa mbuzi kapena kumanga mitolo. M'mawa wina kukuzizira, ndikusesa pabwalo, ndinamva odi. Anali mkamwini, khasu paphewa ndi chikombole m'manja. Anakhala pa chitsa n'kundilonjera, kenaka anati, "Amayi, ndimati mundilozere. Dothi labwino la njerwa pamalo pano lili pati?"

Tsache linandigwa m'manja. Kuno mkamwini saotcha njerwa pamudzi pamene akuganiza zochokapo. Zidina amamanga aliyense, mvula ikazigwetsa palibe amalira. Koma munthu akafunsa dothi la njerwa zootcha, wanena zonse. Ndinamutengera kuseri kwa khola, pa chulu chakale pamene bambo anga ankati dothi lake ndi lomata ngati phula. Tinayenda njira imodzi, iye patsogolo ine pambuyo, tikukambirana za nkhuni zootchera. Anati mayi ake akawauza yekha, ndipo chipinda chimodzi chidzakhala chawo akamabwera kudzacheza. Nditabwerera m'nyumba ndinagwada pafupi ndi mphasa, koma mawu a pemphero sanabwere. Ndinangoti zikomo, zikomo, mpaka mawondo anawawa.

Anthu amene munapanga sewero lija, sindikudziwani mayina. Malemba a kumapeto ankathamanga kuposa kuwerenga kwanga. Anakuuzani kuti oonera ndi ochepa, ndipo mwina munapita kwanu mukuganiza kuti munagwira ntchito yopanda pake. Amene anawerenga oonerawo kwathu kuno sanafike. Sakanationa n'komwe, tinali m'kanyumba ka udzu, batire likuthera moto. Koma tinalipo, ndipo tinkakudikirani mlungu wonse ngati abale ochokera kutali. Munatiseketsa m'miyezi imene m'nkhokwe munalibe kanthu. Munationetsa anthu onga ife osatinyoza. Mpaka lero sindinaonenso sewero lina lotero, ndipo ndimadandaula kuti ambiri analidutsa chifukwa linavala zovala za kumudzi. Tsiku lina tinamuona mlamu uja pa kanema akutsatsa sopo, atanenepa, atavala taye. Nyumba yonse inaimirira. Amuna anga anati, "Tsono anachokadi pakhomo paja." Ine ndinakondwa kuona kuti ali moyo ndipo akudya. Enanu kaya muli kuti, Mulungu akudalitseni pamodzi ndi ana anu.

Nyumba ya njerwa ija inatha, ndipo ndikulemba zino nditakhala pakhonde pake. Mayi a mkamwini anabweradi, tinaphika futali limodzi, ndipo ndivomereze kuti wawo amaposa wanga. Amuna anga miyendo yayamba kuwavuta, kutchalitchi amapita atakwezedwa pa njinga ya mkamwini yemweyo, akumulangiza njira ngati saidziwa. Mwana wanga akuyembekezera wachitatu mvula ikamayamba, ndipo ulendo uno miyendo ikumutupa kuposa kale. Inu amene mwawerenga mpaka pano, mukamagwada kwanuko, muikeko mawu amodzi a banja limeneli: mayi woyembekezerayu, mwamuna wake amene amayenda m'misewu ndi katundu wolemera, ana awo, ndi ife okalamba awiri. Mayina musavutike nawo, mungoti banja lija la ku Ntcheu.